Kusintha Mapulogalamu a Muofesi: Nkhokwe ya Malangizo m'Zinenero za kwa Mponda

Pa 14 Okutobala chaka cha 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa okhawo amene analembetsa mwapadera, ndipo tsiku lomwelo inalekanso kusamalira mapulogalamu a Office 2016 ndi Office 2019. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali kwa munthu wokhala m'dera la Mfumu Mponda, m'boma la Mangochi, komatu ikukhudza mphunzitsi wamkulu amene amasunga maina a ana a sukulu m'kompyuta, mlembi wa komiti ya chitukuko, ndiponso mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 ndipo akutayipa kalata yofunsira ntchito. Makompyuta akale sanazime tsiku limenelo ayi. Akugwirabe ntchito, koma ali ngati nyumba imene mwini wake waleka kuifolera. Mvula ikadza, idzadontha.

Sukulu kapena ofesi yokhala ndi makompyuta otere iri ndi njira zingapo. Ingathe kugula makina atsopano, popeza Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale. Ingathe kulipira chaka ndi chaka chilolezo cha Microsoft 365, chimene mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Ndipo aliyense akukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ingathenso kugwiritsa ntchito mapulogalamu okopedwa mwakuba, zimene ziri zosemphana ndi lamulo ndipo kawirikawiri zimabweretsa mavairasi. Njira yachinayi ndiyo kusamukira ku mapulogalamu aufulu, monga LibreOffice. Njira imeneyi siilira ndalama zogulira, koma imalira chinthu china chimene ambiri amachiiwala: malangizo osonkhanitsidwa bwino, olembedwa m'zinenero zimene anthu ogwira ntchitoyo amamva.

Kodi pulogalamu yaufulu n'chiyani?

Pulogalamu iriyonse ya pa kompyuta iri ndi malangizo a m'kati mwake amene akatswiri analemba. Makampani ambiri amabisa malangizo amenewa, nagulitsa chilolezo chokha chogwiritsira ntchito. Pulogalamu yaufulu ndi imene malangizo ake ali poyera, kotero kuti munthu aliyense ali wololedwa kuigwiritsa ntchito, kuikopa, kuigawira anzake, kuikonza, ngakhale kuimasulira m'chinenero cha kwawo popanda kupempha chilolezo kwa wina. Mau akuti ufulu pano akuposa mau akuti ulere.

Mbiri ya LibreOffice inayambira ku Germany, pa pulogalamu yotchedwa StarOffice. Kampani ya Sun Microsystems inaigula m'chaka cha 1999, ndipo m'chaka cha 2000 inaika malangizo ake poyera pansi pa dzina lakuti OpenOffice.org. Pamene kampani ya Oracle inagula Sun m'chaka cha 2010, ambiri mwa anthu amene ankathandiza pa ntchitoyi anapatuka nakhazikitsa bungwe la The Document Foundation, limene likuyang'anira LibreOffice kufikira lero. M'kati mwake muli Writer yolembera makalata, imene imafanana ntchito ndi Word. Calc yowerengera ndi kusanja manambala, yofanana ndi Excel. Ndi Impress yoonetsera mfundo pa msonkhano, yofanana ndi PowerPoint. Imagwira ntchito pa Windows, komanso pa Linux, imene iri yaufulu ndipo mitundu yake ina imayenda bwino pa makompyuta okalamba.

Mapulogalamu aufulu si achilendo m'dziko muno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zochokera m'zipatala za m'maboma kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaufulu imene imatsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Bungwe la Baobab Health nalo linamanga njira yosungira mbiri za odwala pa mapulogalamu a mtundu womwewu, kuyambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe.

Zimene anaphunzira amene anatsogola

Walira mvula walira matope. Amene anayamba kusamuka anapeza kuti kuika pulogalamu yatsopano m'kompyuta ndi ntchito ya mphindi zowerengeka, koma kusamutsa anthu ndi zizolowezi zawo ndi ntchito ya zaka. Khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany inagamula m'chaka cha 2003 zosiya mapulogalamu a Microsoft, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamutsidwa. Komabe m'chaka cha 2017 khonsolo yomweyo inavota kuti ibwerere ku Windows. Anthu amatsutsanabe za zifukwa zake, koma mwa madandaulo amene ankamveka munali akuti makalata ochokera ku maofesi ena ankavuta kutsekula bwino, ndiponso kuti ogwira ntchito ena sanakhutire ndi thandizo limene ankalandira.

Ena anaphunzirapo kanthu. Unduna wa Zachitetezo wa ku Italy, umene unalengeza m'chaka cha 2015 zosamutsira makompyuta oposa 100,000 ku LibreOffice, unayamba ndi kuphunzitsa anthu oti akaphunzitse anzawo. M'chaka cha 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza zosamutsa makompyuta okwana 30,000, ndipo linachita zimenezi pang'onopang'ono. Bungwe la The Document Foundation linalemba ndondomeko ya kasamukidwe, ndipo mfundo zake zikuluzikulu ndi izi: kufotokozera anthu chifukwa cha kusinthaku lisanafike tsiku, kufufuza mafayilo amene alipo kale, kuyesa ndi kagulu kochepa, kuphunzitsa, ndi kukhala ndi munthu wofunsidwa zinthu zikavuta. Mwa mfundo zisanuzi, zitatu ndi nkhani ya kulankhulana, ndipo kulankhulana kumafuna chinenero.

Anthu amene amathandiza pa LibreOffice amadziwa zimenezi. Pulogalamuyi imapezeka m'zinenero zoposa 100, ndipo zambiri mwa izo zinamasuliridwa ndi anthu odzipereka osalipidwa. Mabuku ophunzitsira Writer ndi Calc amayamba kulembedwa m'Chingerezi, kenaka magulu a ku Brazil, ku France, ku Czech Republic ndi kwina amawamasulira. Chilolezo cha mabukuwa chimalola munthu aliyense kuwakopa, kuwafupikitsa ndi kuwamasulira, malinga atchule kumene anawatenga.

Mu Africa muno zitsanzo ziripo ziwiri zoyandikira. Ku Tanzania, gulu la Kilinux la pa yunivesite ya Dar es Salaam linatulutsa OpenOffice ya m'Chiswahili m'chaka cha 2004, yotchedwa Jambo OpenOffice. Ndipo lisanamasulire pulogalamuyo linayamba lagwirizana ndi akatswiri a chinenero pa mndandanda wa mau a zakompyuta. Ku South Africa, bungwe la Translate.org.za, limene linayambitsidwa ndi Dwayne Bailey m'chaka cha 2001, linatsogolera ntchito yoti OpenOffice ipezeke m'zinenero 11 zimene zinali za boma pa nthawiyo. Phunziro la ku Tanzania ndi lofunika kuligwira: mau ayambe agwirizanidwa, kumasulira kubwere pambuyo.

Zinenero za kwa Mponda ndi ntchito zake

Dera la Mponda lakhala pa mphambano ya zinenero kuyambira kalekale. M'zaka za m'ma 1800, mafumu a Chiyao a m'mbali mwa nyanja ankachita malonda ndi anthu a ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo ena a iwo ankasunga alembi olemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. David Livingstone anadutsa kwa Mponda m'chaka cha 1866. Sitima ya Ilala inadutsa pomwepo m'chaka cha 1875 popita kukayambitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Ansembe a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891, ndipo m'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga limene linadzatchedwa Fort Johnston, dzina lakale la tauni ya Mangochi. Mlendo aliyense anadza ndi chinenero chake ndi kalembedwe kake. Eni dziko nawo analemba: buku la Yohanna Barnaba Abdallah lofotokoza mbiri ya Ayao linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919, m'Chiyao ndi m'Chingerezi.

Lero boma la Mangochi liri ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo zinenero zinayi zimagawana ntchito pakati pawo. Chiyao ndicho cha pakhomo, pamsika ndi padoko kwa anthu ochuluka. Chichewa, chimene chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko m'chaka cha 1968, ndicho chimalumikiza mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Mzimba ndi makolo a ana ake. Chingerezi ndicho cha mayeso, cha malipoti opita ku boma, ndiponso chophunzitsira m'sukulu malinga ndi lamulo la maphunziro la 2013. Chiarabu chimaphunzitsidwa m'madrasa. Komiti ya asodzi ya padoko, mwa makomiti aja amene anayamba ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire m'chaka cha 1993, ingathe kukambirana m'Chiyao, kulemba zokambiranazo m'Chichewa, ndi kutumiza lipoti ku ofesi ya za nsomba m'Chingerezi, zonsezo tsiku limodzi.

Motero kusonkhanitsa malangizo m'zinenero zambiri sikutanthauza kumasulira chirichonse m'chinenero chirichonse. Kutero kungakhale kutopa pachabe. Chofunika ndi kufunsa kuti chinenero chirichonse chigwire ntchito yanji. Maina a mabatani a pa sikirini akhalebe m'Chingerezi, popeza ndi m'mene wophunzira adzawapezere pa mayeso ndi pa ntchito. Mafotokozedwe a chimene batani limachita alembedwe m'Chichewa chomveka. Chifukwa cha kusinthaku, ndi malangizo oyambirira kwa mlembi wa m'mudzi, zikambidwe m'Chiyao, polemba komanso pojambula mau m'foni, chifukwa ambiri amene amalankhula Chiyao sanaphunzitsidwe kuchiwerenga m'kalasi. Mphunzitsi wa madrasa naye auzidwe kuti Writer imatha kulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, malinga atsekule malo oyenera.

Tizilembo tating'ono tovutitsa

Pali mavuto ena amene buku lolembedwa ku Ulaya silingawatchule, chifukwa eni ake sakumana nawo. Loyamba ndi chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'mau a Chiyao monga ŵandu, kutanthauza anthu, ndiponso m'mabuku ambiri akale a Chichewa. Chilembochi palibe pa kiyibodi. Mu Writer, munthu akalemba U+0175 kenaka n'kudina mabatani a Alt ndi X pamodzi, chilembocho chimatuluka. Chachikulu chake ndi U+0174. Wodziwa angathenso kuuza pulogalamuyo kuti izichilemba yokha nthawi zonse akatayipa zilembo zina zimene wasankha. Malangizo amenewa ndi a mizere itatu yokha, koma popanda wowalemba, mlembi aliyense adzavutika payekha kapena adzangochisiya chilembocho.

Vuto lachiwiri ndi kachizindikiro ka m'mau monga ng'ombe, ng'ona ndi m'nyanja. Mapulogalamu olembera amakonda kusintha kachizindikiro kowongoka kukhala kopindika, pamene posanja manambala kangatsale kowongoka. Maso saona kusiyana kwenikweni, koma kompyuta ingathe kuona mau awiri osiyana, ndipo dzina la mwana wa sukulu lingathe kusowa pofufuza ngakhale liripo. Sukulu igwirizane njira imodzi, ndipo njirayo ilembedwe.

Vuto lachitatu ndi mizere yofiira imene imadzaza tsamba lonse munthu akalemba m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa kompyuta ikuyesa mauwo ndi muyeso wa Chingerezi. Wophunzira watsopano amachita mantha, naganiza kuti walakwitsa zonse. Njira yachidule ndiyo kuuza pulogalamuyo kuti isayese kalembedwe pa tsamba limenelo. Njira yokhalitsa ndiyo kukhala ndi choyesera mau cha chinenero chenichenicho. Ntchito imeneyi ndi yovuta, popeza mneni mmodzi wa Chichewa amabala mau ochuluka kwambiri: kuchokera ku tsinde la patsa kumatuluka ndikupatsa, sanandipatse, adzatipatsanso, ndi ena osawerengeka. Katswiri wa ku Malawi, Edmond Kachale, mothandizana ndi Kevin Scannell wa ku America, anakonza choyesera mau a Chichewa chaufulu, kusonyeza kuti n'zotheka. Pakali pano mphunzitsi aliyense angathe kuonjezera mau m'ndandanda wa kompyuta yake, ndipo ndandanda umenewo ndi fayilo yaing'ono yotheka kukopera anzake.

Vuto lachinayi ndi maonekedwe a zilembo. Kalata yolembedwa mu Word ndi zilembo za Calibri ingasokonekere masamba ikatsekulidwa pa kompyuta imene ilibe zilembozo. Zilembo zaufulu za Carlito zinapangidwa ndi muyeso wofanana ndi Calibri, monganso Caladea ndi Cambria, ndi Liberation ndi Arial kapena Times New Roman. Zikakhalapo zimenezi, pepala la mayeso silidumpha mizere.

Kasanjidwe ka nkhokwe

Chimanga chomwazika m'munda sichidyetsa banja; chimayenera kukololedwa ndi kuikidwa m'nkhokwe imodzi imene aliyense akuidziwa. Malangizo nawo ali chimodzimodzi. Sukulu za m'dera limodzi, kapena malo amene aphunzitsi amakumanirapo pa maphunziro awo, zingathe kusanja nkhokwe yotere m'zigawo zisanu.

Chigawo choyamba ndi cha mapulogalamu enieniwo ndi zilembo zake, zosungidwa pa fulashi, popeza intaneti ndi yodula ndipo magetsi sadalirika. Munthu mmodzi akakopa kamodzi pa Mangochi boma, sukulu za ku Malindi, ku Namwera ndi ku Monkey Bay zingathe kugawana popanda kuswa lamulo.

Chigawo chachiwiri ndi ndandanda wa mau, wa mizati itatu: Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao. Pano ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Kodi Save likhale sunga? Nanga Save As, Undo ndi Paste? Ngati mphunzitsi wina anena mata, wina ika, wina phatika, wophunzira asokonezeka. Mau asapekedwe mwachisawawa pamene anthu ali nawo kale awo, monga fayilo ndi batani. Pa kalembedwe, otsogolera atsate malamulo a Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board m'chaka cha 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, ndipo yagwiranso ntchito pa kalembedwe ka Chiyao.

Chigawo chachitatu ndi timapepala ta tsamba limodzi, kalikonse koyankha funso limodzi: kutsekula kalata ya Word, kusunga fayilo kuti wa ku ofesi ya maphunziro akaitsekule mu Excel, kusandutsa kalata kukhala PDF, kusanja ana malinga ndi malikisi awo. Buku la masamba mazana limawopsa, koma tsamba limodzi lomatidwa pakhoma limawerengedwa.

Chigawo chachinayi ndi zitsanzo zokonzeratu za mapepala amene amalembedwa kawirikawiri: lipoti la mwana la pakutha pa teremu, kalata yoitanira makolo ku msonkhano m'Chichewa ndi m'Chiyao, kaundula wa ndalama za komiti, ndi kalata yofunsira ntchito. Munthu akapeza kuti pepala limene amalifuna liripo kale, mtima wake umakhala pansi.

Chigawo chachisanu ndi buku la mavuto, m'mene aliyense alembemo chimene chinamuvuta ndi m'mene chinathetsedwera. Safunsa anadya phula; koma wofunsa naye ayenera kupeza poyankhidwa.

Pepala lirilonse la m'nkhokwe likhale ndi zinthu zinayi pamwamba pake: chinenero chake, tsiku limene linalembedwa, mtundu wa pulogalamu umene likufotokoza, ndi dzina la woliyang'anira. LibreOffice imatulutsa mtundu watsopano kawiri pa chaka, ndipo malangizo opanda tsiku amasokeretsa. Pepala la Chingerezi likasintha, la Chichewa ndi la Chiyao zitsatire msanga, kuopa kuti zinenero za kuno zingasanduke zosungiramo nkhani zakale.

Funso la mayeso ndi ntchito

Mphunzitsi wosamala adzafunsa funso loyenera: ngati olemba ntchito amafuna munthu wodziwa Word ndi Excel, kodi si kulakwira ana kuwaphunzitsa Writer ndi Calc? Funsoli lisanyozedwe. Mphunzitsi wa Computer Studies ayambe waona zimene silabasi ndi bungwe la MANEB zikufuna asanasinthe kanthu m'kalasi la mayeso. N'zoonanso kuti mafayilo ena ovuta a Excel sayenda bwino mu Calc popanda kukonzedwa. Komabe luso lenileni limasamuka. Wodziwa kusanja ndime, kupanga tebulo, ndi kugwiritsa ntchito SUM kapena AVERAGE mu Calc adzapeza maina omwewo mu Excel, monga m'mene wodziwa kupalasa bwato limodzi savutika kwambiri ndi lina. Chimene chingamuthandize ndi tsamba loyerekeza mapulogalamu awiriwa, losonyeza pamene chinthu chirichonse chimapezeka uku ndi uko. Wotsiriza sukulu wodziwa onse awiri aposa wodziwa imodzi.

Pali mwayi wina kwa achinyamata amene akudikira zotsatira za mayeso kapena malo ku koleji. Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Mponda amene amalankhula Chiyao ndi agogo ake, Chichewa ndi anzake, ndi Chingerezi m'kalasi, ali ndi chuma chimene katswiri wa ku Berlin alibe. Ntchito yomasulira LibreOffice ndi yotsekukira aliyense, ndipo siifuna digiri. Imafuna kudekha, kudziwa kalembedwe, ndi kumvera anzako. Amene wamasulira timapepala makumi awiri ndi kuphunzitsa alembi a makomiti atatu ali ndi kanthu kooneka kolemba m'kalata yake yofunsira ntchito. Aphunzitsi a Chichewa, amene nthawi zina amaoneka ngati alibe gawo pa nkhani za makompyuta, ndiwo oyenera kuweruza ngati mau omasuliridwawo ali omveka ndi olembedwa bwino.

Chimene chiri pachiswe

Pansi pa zonsezi pali funso la mwini wake wa zolembedwa. Mafayilo a LibreOffice amasungidwa mwa njira yotchedwa OpenDocument, imene bungwe la miyeso la dziko lonse la ISO linaivomereza m'chaka cha 2006, ndipo malamulo ake ali poyera kuti pulogalamu iriyonse ingathe kuwatsata. Kaundula wa ana a sukulu, mbiri ya malire a minda, ndi zokambirana za komiti ya padoko ndi zinthu zimene zidzafunidwa patapita zaka makumi awiri, pamene kompyuta imene inazilemba idzakhala itatayidwa kalekale. Zisadalire chilolezo chimene chingathe ntchito chaka chimene ndalama zakunja zasowa.

Koma ufulu umenewu sudzafika kwa mlembi wa m'mudzi ngati malangizo ake adzakhala m'Chingerezi chokha, m'buku limene sanalionepo. Mutu umodzi susenza denga: pafunika mphunzitsi wa makompyuta wodziwa mabatani, mphunzitsi wa Chichewa wodziwa mau, mkulu wodziwa Chiyao chakuya, ndi wachinyamata wokhala ndi nthawi yotayipa. Poyambira pake si patali. Sukulu imodzi isankhe mau makumi asanu, iwalembe m'mizati itatu, iike tsiku pamwamba, ndipo itumize tsambalo ku sukulu yoyandikana nayo kuti ikaliwongole.